Orval Petrasek ndi madzi a dziko lonse

Mlamu wanga Orval Petrasek sanayambe wachitapo kanthu kakang'ono. Zonse zimene anayamba pa moyo wake zinali zikuluzikulu, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene anachifikitsa kumapeto. Ndikunena izi ndine Lorna, mkulu wake wa Darla, mkazi amene anamupirira zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ndimagwira ntchito pa desiki yothandiza ofufuza mu laibulale ya koleji ya m'tauni mwathu muno, ndiye anthu odziwa zonse ndawaona ambiri. Koma Orval anawasiya kutali onsewo.

Bambo ake atamwalira anamusiyira munda wa chimanga, munda wabwino, wosafuna nzeru zambiri. Orval anati chimanga n'cha anthu oganiza pafupi. Anagula nthiwatiwa khumi ndi ziwiri, nati pomatha zaka zisanu Amereka yense adzakhala akudya nyama yake. Mpanda anaumanga mbali zitatu. Mbali yachinayi anali akuiganizirabe pamene nthiwatiwa zija zinatulukira pomwepo, ndipo mpaka lero kuli alimi amene amafotokoza za tsiku limene anakumana ndi chimbalame pamsewu wa ku tchalitchi. Kenako anati alemba buku la mbiri ya anthu onse ochokera ku Ulaya amene anadzakhala ku Nebraska kuno. Analemba mawu othokoza amene anamuthandiza, n'kuthera pomwepo. Munda unagulitsidwa. Iye analowa ntchito pa fakitale yopanga mapaipi othirira mbewu, nakhalapo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, osati chifukwa cha khama lake ayi, koma chifukwa Darla ankamudzutsa, kumupakira chakudya, n'kukamutula pageti ngati mwana wa sukulu.

M'mawa uliwonse, asanalowe ntchito, ankakhala pa tebulo la khofi pamalo omwetsera mafuta, pafupi ndi getilo, ndi madoda anzake, n'kumakonza dziko. Mitengo ya mafuta ankaitsitsa khofi asanazizire. Nkhondo zakutali ankazithetsa pa kapu yachiwiri. Kunyumba kwake chitseko cha bafa chinakhala chosatsekeka kuyambira mwana wawo Tessa ali wakhanda mpaka anakwatiwa.

Ndiye panali chitsime. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo anthu oyeza madzi anapeza kuti m'chitsime cha kuseri kwa nyumba yawo mwalowa mankhwala a feteleza ochokera m'minda, ndipo anati madziwo asamwedwenso. Aneba onse amene anauzidwa zomwezo anagula kamakina kosefera, n'kukaika pansi pa sinki, nkhani n'kutha. Orval anaseka. Anati kamakinako n'kongophimba chilonda, iye akonza njira yoyeretsera madzi a chigwa chonse. Anakumba dzenje lalikulu pafupi ndi chitsimecho, nabweretsa mapaipi, najambula mapulani pa zikatoni. Dzenjelo analiphimba ndi matabwa nyengo yozizira itafika, ndipo matabwawo alipobe. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse Darla ankapita ku sitolo kukatenga zigubu zisanu ndi chimodzi za madzi akumwa, n'kumazinyamula yekha kuchoka pa galimoto kukafika kukhitchini, mpaka phewa lake lamanja linasiya kukwera bwino.

Fakitale itatsekedwa, Orval anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri. Ku ofesi yoona za madzi m'dera lathu kunali ntchito yoyeza zitsime, koma inkafuna satifiketi ya chaka chimodzi ya pa koleji yathu. Analembetsa. Ndinene zoona, maphunziro a manja anakhoza, pakuti paipi amaidziwa. Linatsala phunziro limodzi, lolemba chimangirizo cha kafukufuku: masamba asanu, okhala ndi umboni wochokera m'zolemba zisanu za akatswiri. Ana ongochoka kumene ku sekondale amachimaliza akutafuna chingamu.

Tsiku lina Lamlungu ndinali kwa Darla tikuumba timabanzi ta kolachi ta kutchalitchi. Anali akuika zipatso pakati pa kabanzi kalikonse, osandiyang'ana.

“Achemwali, ndamuuza,” anatero. “Akasiyanso ichi panjira, ine ndikupita kwa Tessa ku Omaha. Osati kukacheza ayi.”

“Wakhala ukunena zimenezo kuyambira nthawi ya nthiwatiwa.”

“Nthawi ya nthiwatiwa ndinali ndi mapewa awiri.”

Kwa zaka makumi atatu ndinkamuuza mng'ono wangayu kuti amusiye munthu ameneyu. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti watsimikiza, ndipo ndinachita mantha. Darla ndiye m'bale wanga yekha amene watsala, ndipo ku Omaha n'kutali.

Pa koleji yathu pali lamulo la kapepala kachikasu. Wophunzira asanayambe kulemba chimangirizo, amalemba pa kapepalako mutu wake ngati funso limodzi, ndi mawu atatu ofufuzira amene adzalowetse mu kompyuta posaka zolemba za akatswiri. Wa mu laibulale amayesa mawuwo, akaona kuti zotuluka n'zoti munthu angaziwerenge asanakalambe, amasaina. Popanda siginecha, mphunzitsi salandira kanthu. Sabata yachitatu ya Okutobala, Orval analowa mu laibulale chipewa chili kumutu, kapepala ali nako m'manja ngati akudzandipatsa mphoto.

“Alamu! Sainani apa, ndili ndi changu.”

Ndinakayang'ana. Pa mzere wa funso panali liwu limodzi: Madzi. Pa mizere itatu ya mawu ofufuzira analemba madzi, moyo, anthu.

“Alamu, madzi atani?”

“Madzi basi. Inu simukuwadziwa madzi?”

“Akumwa? Othirira? A m'nyanja? Obatizira? Amene ali m'mutu mwanumo?”

“Onsewo. N'chifukwa chake ndasankha mutu umenewu. Tiana timeneti tikulemba za mafoni, za tulo, kaya za chiyani. Ine ndikufuna chinthu choti munthu akawerenga akhale pansi.”

Ndinatembenuza kompyuta kuti aone, n'kulemba liwu lakelo. Zinatuluka zolemba zoposa mamiliyoni anayi. Munthu wina aliyense akanagwa mphwayi. Orval anawala nkhope.

“Mwaona? Mwaona, alamu? Ndagunda penipeni!”

“Mwagunda nyanja. Masamba anu ndi asanu. Mukufuna kuthira mtsinje wonse mu kapu ya khofi?”

Ndinatenga kapepala kolembapo zongoyesa ndi kapensulo kakafupi kaja timasunga pa desiki, n'kumulembera mafunso anayi amene ndimafunsa wophunzira aliyense: Ndani? Kuti? Liti? Vuto lake n'chiyani? Ndinamuuza kuti funso lililonse likayankhidwa, mutu umachepa, ndipo mawu ofufuzira amagwa okha kuchokera m'mayankhomo. Ndinamuonetsanso. Nditawonjezera liwu loti ulimi, mamiliyoni aja anatsika. Nditawonjezera Nebraska, anatsikanso kwambiri. Orval ankayang'ana manambala akutsika ngati munthu amene akuona nkhokwe yake ikupsa.

“Imani kaye, imani! Mukunditayira zinthu!”

“Ndiye ntchito yake imeneyo. Kusankha n'kutaya.”

“Inu anthu a mabuku mumaganiza mochepa,” anatero akutenga kapepala kake. “N'chifukwa chake mwakhala pa mpando umodzi zaka zonsezi.”

“Mpando wanga uli ndi miyendo inayi yonse, alamu. Si ngati mpanda uja.”

Anabweranso patatha masiku asanu. Ndinaganiza kuti mwina wagonapo. Pa mzere wa funso panali tsopano: Madzi ndi chitukuko cha mtundu wa anthu kuyambira ku Iguputo mpaka tsogolo la maulendo a ku mwezi. Anati waufotokoza bwino monga ndinapemphera. Mzere unamuchepera, ndiye mawu ena anakwera m'mphepete mwa pepala.

Ulendo uno anakana kuti ndimugwirire kompyuta. Anakhala yekha, magalasi pamphuno, n'kulemba ndi chala chimodzi chiganizo chonse m'kabokosi kofufuzira, kuyambira ndi mawu oti chonde ndiuzeni. Anafunsa chifukwa chake anthu a masiku ano salemekeza madzi monga ankachitira makolo athu akale pamene dziko linali bwino. Kompyuta inasaka cholemba chokhala ndi mawu onsewo pamodzi, ndipo sinapeze n'chimodzi chomwe.

“Alamu, bwerani mudzaone!” anakuwa, mpaka ophunzira anadzutsa mitu. “Palibe! Palibe amene analembapo! Ndine woyamba!”

“Tsitsani mawu, muli mu laibulale. Kompyuta ili ngati galu, alamu. Mukaponya ndodo imodzi, akubweretserani. Inu mwaponya mtolo wonse, ndiye akungokuyang'anani.”

“Nsanje,” anatero. “Nsanje basi.”

Tsiku loyamba ananyadira mamiliyoni anayi, tsiku lachiwiri ananyadira kupanda kanthu. Pakati pa ziwirizi, pamene anthu amagwirira ntchito, Orval sanapondepo phazi moyo wake wonse. Sindinasaine. Anandiuza kuti akandinenera kwa akuluakulu a koleji, ndipo ndinamulozera khomo la ofesi yawo.

Tsiku lomaliza lopereka timapepala linali Lolemba. Loweruka lake, chakumasana, Darla analowa mu laibulale atavala jekete yake yogulira zinthu. Pawindo ndinkaona galimoto yake, zigubu za madzi zili kumpando wakumbuyo. Anakhala pa mpando wa ophunzira patsogolo panga, natulutsa kapepala kachikasu katsopano.

“Ndiuzeni mmene zimayendera, achemwali.”

“Iwe Darla, ntchito imeneyi si yako.”

“Ndi iti imene inali yanga? Tiyeni, ndili ndi nyama m'galimoto.”

Ndinamufunsa mafunso anga anayi aja, ndipo anawayankha osaphethira. Ndani? Mabanja okhala ndi zitsime zawozawo. Kuti? Kumidzi kuno ku Nebraska. Liti? Zaka khumi zapitazi. Vuto? Feteleza m'madzi akumwa. Anagwira kapensulo ndi dzanja lake lopweteka lija n'kulemba funso: Kodi banja lingachite chiyani feteleza akalowa m'chitsime chake? Pansi pake analemba mawu atatu: feteleza, zitsime, Nebraska. Mayi amene anasiyira sukulu ku sekondale anatha mu mphindi zitatu chimene mwamuna wake chinamukanika milungu iwiri.

Zinatuluka zolemba makumi anayi ndi chimodzi. Tinasankha zisanu ndi ziwiri, ndinamusindikizira. Darla anayamba kuwerenga tsamba loyamba ali chiimire, milomo ikuyenda, mpaka anaiwala nyama ija.

“Kani analemba kale zonsezi,” anatero chapansipansi. “Zaka zonsezi zinali muno.”

Ndinasaina. Ndinadziwa kuti dzanja silinali la wophunzira, ndipo m'zaka zanga zonse ndinali ndisanachitepo zimenezo. Ndinasainira mng'ono wanga, kuti asapite.

Orval anakapereka kapepalako Lolemba, chifukwa Darla anakamutula pakhomo la kalasi n'kudikira mpaka atalowa. Mphunzitsi wake, Mayi Okerlund, mtsikana waulemu amene sanakwanitse n'zaka makumi atatu zomwe, anasangalala kwambiri. Anamuuza kuti mutu wake ndi umodzi mwa yabwino kwambiri m'kalasimo, ndipo munthu wodziwa mapaipi ngati iye aulemba mosavuta. Koma pa tebulo la khofi paja Orval ankauza anzake zina. Ankati akazi atatu amupangira chiwembu choti alembe za dzenje la kuseri kwa nyumba yake. Iye, munthu woganiza za chigwa chonse! Mapepala asanu ndi awiri aja anawaika pansi pa mphika wa maluwa kuti madzi asadetse tebulo.

Mwezi wonse wa Novembala analemba. Pa izi sindingamunamizire, analembadi. Anadzaza tebulo lodyera ndi mabuku akuluakulu a zithunzi, Darla n'kumadyera chiimire pafupi ndi sinki. Kumayambiriro kwa Disembala anakapereka masamba makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Munali Farao, munali ngalande za Aroma, munali chigumula cha Nowa, munali maganizo ake pa nkhani ya madzi a m'mabotolo. Mayi Okerlund anandiuza pambuyo pake kuti anawerenga zonse, mpaka tsamba lomaliza, akuyembekeza kuti mwina chitsime chitulukira penapake.

Mtsikanayo anachita chifundo chimene ine sindikanachita. Anamuitana, ndipo anakambirana pa tebulo la pafupi ndi desiki yanga, ndiye ndinamva zonse.

“Bambo Petrasek, mwagwira ntchito yaikulu, koma si imene munalonjeza pa kapepala aka. Ndikupatsani sabata imodzi. Masamba asanu okha, pa funso lanu lomweli. Zolemba muli nazo kale. Mukangoyankha funsoli, mwakhoza.”

“Mayi, inu mwawerenga gawo la Aroma?”

“Ndawerenga, bambo. Koma funso lanu likunena za chitsime.”

“Ndiye vuto la sukulu za masiku ano limenelo. Mukufuna munthu aziyang'ana pansi ngati nkhuku.”

“Masamba asanu, bambo. Lachisanu likudzali.”

Atachoka mphunzitsi ndinamutsatira Orval mpaka pakhomo. Ndinasiya zonyoza, ndinamugwira mkono.

“Alamu, tamverani. Darla sakuseka ulendo uno. Bwerani mawa, tikhale limodzi, ndime iliyonse ndikuthandizani. Chitsimecho mumachidziwa kuposa akatswiri onse aja. Ingolembani chimene chili kuseri kwa nyumba yanu.”

Anandisisita paphewa ngati akutonthoza mwana. “Darla ndimamudziwa ine. Akaona chinthu chachikulu chitatha, adzanyadira.”

Lachisanu anapereka masamba makumi anayi ndi asanu ndi anayi. Sabata yonse ija anaithera powonjezera gawo la madzi oundana a kumwezi. Paja amati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, koma mlamu wangayu ngakhale nkhwangwayo akanaifunsa kaye mbiri ya zitsulo.

Zotsatira zinatuluka Khirisimasi isanafike: Orval analephera. Darla sanakuwe, sanaswe mbale. Anadikira zikondwerero zithe, kenako Loweruka loyamba la Januwale anapita ku sitolo monga mwa masiku onse, nabweretsa zigubu zisanu ndi chimodzi, nazisanja kukhitchini. Atatero anaika masutikesi awiri pa mpando womwe zigubu zinachokapo. Anadutsira kwanga kudzatsanzika. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinakwiyiranso aliyense: Orval, mphunzitsi wachifundo uja, ngakhale ine mwini amene ndinasaina kapepala kabodza popanda phindu. Darla anandipukuta misozi ndi dzanja lamanzere.

“Kwa Tessa madzi amangotuluka pampopi, achemwali,” anatero. “Ukatsegula, n'kumwa.”

Orval anaonekera mu laibulale patatha milungu itatu. Sanalinso wophunzira, koma khomo lathu sitibweza munthu. Chipewa anachivula, chinthu chimene ndinali ndisanaonepo. Ndevu zinali zosameta, kolala ya malaya itapindikira mkati. Anakhala pa mpando womwe anakhalapo Darla.

“Alamu, madzi aja atha,” anatero. “Sindikudziwa kuti amagula sitolo iti.”

Ndinamuuza sitoloyo. Sanadzuke.

“Darla safuna kulankhula nane pafoni. Tessa akuti ndilembe kalata. Ndayesa, koma ikungotalika. Inu mumadziwa kufufuza zinthu. Ndikufuna ndimvetse chimene chachitika. Ndithandizeni monga mumathandizira ana aja.”

Ndinamumvera chisoni, ndikuvomera. Munthu wa imvi, yekhayekha m'nyumba ya chitseko chosatsekeka. Ndinaganizanso kuti mwina kalata yabwino ingandibwezere mng'ono wanga. Ndinatenga kapepala ndi kapensulo kaja, n'kulemba mafunso anayi, mokulitsa zilembo kuti asavutike.

“Palibe changu, alamu. Yambani ndi loyambalo. Ndani? Munthu mmodzi yekha. Kenako kuti, kenako liti, kenako vuto lake. Mayankho onse muli nawo. Ena ali kuseri kwa nyumba, ena ali pansi pa mphika wa maluwa.”

Anawerama pa kapepalako. Ndinathandiza mnyamata wina kupeza buku, ndinayankha foni, ndinabwerako iye akadali chiweramire. Analemba, nafufuta, nalembanso. Dzina la Darla ndi lalifupi, ndinkatero mumtima, lembani dzina lake basi, zina zonse tithandizana.

Pomaliza anandikankhira kapepalako. Pa funso loyamba analemba kuti: Akazi a masiku ano. Mafunso atatu enawo anawasiya opanda kanthu.

“Talowetsani timve,” anatero.

Ndinalowetsa. Zinatuluka zolemba mamiliyoni awiri ndi theka. Orval anavala magalasi, nayandikira, ndipo ndinaona nkhope ija ikuwala pang'onopang'ono monga inawalira mu Okutobala. Anawongola msana, nabwezera chipewa kumutu.

“Mwaona, alamu? Ndi vuto la dziko lonse ili. Si ine ndekha ayi.”

Ndinatenga kapensulo kanga m'dzanja lake n'kukabwezera m'kabokosi.

“Muli nokha, alamu,” ndinatero. “Sitolo ija amatseka faifi koloko. Zigubu zake n'zolemera, munyamule chimodzichimodzi.”